Achinyamata akungochoka, ena akuti tachuluka, ena akuti tikutha: zoona ndi ziti?

Mayi wina wanditumizira uthenga uwu, ndangoufupikitsa pang'ono:

"Aphunzitsi, ndithandizeni maganizo. Kudera komwe ndimakhala achinyamata akungochoka, uyu wapita mtauni, uyu wadutsa boda, moti ukayang'ana tatsala ndife akuluakulu ndi tiana basi. Pano mwana wanga wamwamuna wazaka 24 nayenso wavuta, akuti wapeza ejenti womupezera ntchito kunja, akungodikira ndimuthandize ndalama. Ndiye ndikatsegula foni ndimaona ena akuti anthu tachulukitsa padziko n'chifukwa chake aliyense akuthawa kwawo, enanso akuti ayi maiko ena anthu akutha sakubereka. Mutu wanga wazungulira. Zoona ndi ziti? Kodi madera athu adzatsala mabwinja? Nanga mwanayu ndimulole?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo choyamba mtima m'malo. Zomwe mukuona kwanuko si malodza ayi, komanso musaganize kuti munalephera kulera. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa za chiwerengero cha anthu ndi kusamuka kwawo, kusanthula zotuluka mu kalembera wa maiko osiyanasiyana, ndipo nkhani yanuyi ndaiona m'manambala a ku Ireland, a ku Mexico, a ku Philippines, a ku Nepal, a ku Bulgaria, kumangosintha dzina la malo ndi chaka basi. Anthu awiri akukangana pafoni yanuwo, wina akuti tachuluka wina akuti tikutha, onse akunena zoona, kungoti aliyense waima pakona yake ya dziko ndiye akuona ngati kulikonse ndi momwemo.

Tiyambe ndi amene akuti tachuluka. Sakunama. Anthu padziko lonse anakwana 1 biliyoni cha m'ma 1804, panatenga zaka zoposa 120 kuti tifike 2 biliyoni mu 1927, koma kuchokera pamenepo zinathamanga, 4 biliyoni mu 1974, kenako bungwe la United Nations linalengeza kuti pa 15 November 2022 takwana 8 biliyoni. Funso lomwe ambiri salifunsa ndi loti kodi chinatichulukitsa n'chiyani, amangothamangira kuti kubereka kwambiri. Ayi ndithu. Makolo akale padziko lonse ankabereka kuposa ife, kungoti ana ambiri ankapita asanafike zaka zisanu. Chomwe chinasintha ndi imfa. Katemera, madzi aukhondo, mankhwala, chakudya chokwanirako, azamba ophunzitsidwa, izi ndi zomwe zinapangitsa kuti mwana akabadwa akule. Mu 1950 munthu wobadwa padziko ankayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 46 zokha, pano ndi 73. Mu 1990 pa ana 1,000 obadwa amoyo, 93 ankamwalira asanakwane zaka zisanu, pano atsika kufika pa 37. Ine ndikaona manambala amenewa ndimaona amayi mamiliyoni amene sanaike mwana m'manda, ndipo ndimalakalaka aliyense wolankhula za kuchulukana atayamba wakumbukira kaye zimenezi.

Ndiye pali kanthu kena kamene kamachitika pafupifupi dziko lililonse, mukakagwira aka nkhani yonse ya kusamuka imamveka yokha. Imfa zikayamba kutsika, kubereka sikutsika tsiku lomwelo. Makolo amapitiriza kubereka ana 6, 7, poti anazolowera kuti ena sakhalitsa, ndipo pamatenga m'badwo umodzi kapena iwiri kuti akhulupirire kuti anawa akuladi, kuti atsikana akhalitse kusukulu, kuti njira zolera zifike paliponse, kuti moyo wa mtauni uwaonetse kuti mwana ndi fizi ndi lendi, si dzanja lothandiza kumunda lokha. Pa kampata kameneka, imfa zatsika koma kubereka kudakali pamwamba, ndi pomwe pamabadwa chikhamu cha ana. Tsopano werengani zaka 20 kutsogolo. Chikhamu chija chakula, chonse chikufuna ntchito, pogona, polima, banja, nthawi imodzi, pomwe minda sinafutukuke ndipo mafakitale sanachuluke mofanana nacho. Apa ndi pomwe anthu amayamba kumanga zikwama. Ku Ulaya anadutsa momwemu, kuchokera m'zaka za m'ma 1800 mpaka nkhondo yoyamba yapadziko lonse kuyamba mu 1914 anthu mamiliyoni makumi angapo anachoka ku Britain, Ireland, Germany, Italy, Sweden, Norway kupita ku America, Canada, Argentina, Brazil ndi Australia. Maiko ambiri omwe lero akulandira alendo, dzulodzuloli ankadzaza sitima zapamadzi ndi ana awo omwe.

Nanga amene akuti tikutha? Nawonso ali ndi pogwira. M'zaka za m'ma 1960 mayi mmodzi padziko ankabereka ana pafupifupi 5, pano ndi cha m'ma 2.3. Kuti chiwerengero chizingoima, osakwera osatsika, pamafunika ana 2.1 pa mayi aliyense, ndipo maiko oposa theka ali pansi pa mzere umenewu. South Korea mu 2023 inafika pa 0.72. Japan inafika pachimake cha anthu 128 miliyoni cha m'ma 2008, kuchokera pamenepo ikungotsika, ndipo pafupifupi munthu 29 pa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposa. China, yomwe inakakamiza mabanja kubereka mwana mmodzi kuyambira 1980 mpaka 2015, pano ikupempha anthu kuti abereke atatu koma anthu sakuyankha, mu 2022 chiwerengero chake chinatsika koyamba kuchokera mu 1961, ndipo mu 2023 India inaipitirira. Koma chaka chomwecho ku Niger mayi akubereka ana pafupifupi 6 ndipo pafupifupi theka la anthu onse ndi ana osakwana zaka 15. Dziko ndi limodzi lomweli, koma ena ali kumayambiriro kwa ulendo uja, ena kumapeto.

Mwina mufunsa kuti nanga ngati kubereka kwatsika chonchi bwanji anthu akuchulukabe. Zili ngati njinga yotsika mtunda, olo usiye kupalasa imapitabe kaye patali isanaime. Ana omwe anabadwa ambiri zaka 20 kapena 30 zapitazo ndi omwe akubereka lero, ndiye olo aliyense abereke awiri okha, obereka ndi ochuluka. A United Nations mu 2024 anati tikhoza kufika cha m'ma 10.3 biliyoni m'zaka za m'ma 2080, kenako n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono.

Tsopano ndifike pomwe ndimakonda kukhalitsa ndi ophunzira anga, chifukwa ndi pomwe pagona yankho lanu. Kusamuka sikutola anthu mwachisawawa ayi, kumasankha, ndipo chosankha chachikulu ndi zaka. Kulikonse padziko, kaya ndi kale kaya ndi lero, osamuka ambiri amakhala a zaka za pakati pa 18 ndi 35. Mwana wanu wazaka 24 waima pakatikati penipeni pa msinkhu umenewu. Timajambula chithunzi chotchedwa piramidi ya zaka, ana pansi, okalamba pamwamba, amuna kumanzere, akazi kumanja, mzere uliwonse zaka zisanu. Mukatenga dera lomwe anthu akuchoka n'kulijambula chonchi, pansi pamakhala potambalala bwinobwino, tiana tambirimbiri, kenako mukafika pa mzere wa 20 mpaka 24 chithunzi chimapindika kulowa mkati ngati wina wachiluma, makamaka mbali ya amuna, chimapitirira chowonda choncho mpaka cha m'ma 39, kenako n'kutambalalanso pang'ono kwa akuluakulu. Ndikawaonetsa ophunzira chithunzi chimenechi ndisanawauze dzina la malo, nthawi zonse pamapezeka wina wonena kuti aphunzitsi kumeneku ndi kwathu, pomwe ndi dziko lina lakutali lomwe sanafikeko. Mawu anu aja oti tatsala akuluakulu ndi tiana, mwajambula piramidi imeneyi ndi pakamwa. Ndiye mukafuna kudziwa komwe kunapita chidutswa cholumidwacho, jambulani ya Qatar kapena United Arab Emirates. Kumeneko chithunzi chimatupa mbali imodzi, amuna a zaka 25 mpaka 44 kutalika mzere mpaka kutuluka papepala, ku Qatar amuna amaposa akazi kuwirikiza kawiri n'kupitirira, ndipo ku United Arab Emirates pafupifupi anthu 9 pa 10 alionse ndi obwera. N'chifukwa chake ine ndimati kungowerenga mitu kuti dera lili ndi anthu angati sikukuuzani zambiri. Madera awiri akhoza kukhala ndi anthu ofanana chiwerengero, lina lili ndi mphamvu zogwirira ntchito, lina lili ndi odalira okhaokha, ndipo masukulu, zipatala, msonkho, penshoni, zonse zimatsata zaka za anthu osati kuchuluka kwawo kokha.

Chinthu china chomwe mafoni amatisokoneza nacho ndi kukula kwa nkhaniyi. Ukaonera nkhani umaganiza kuti dziko lonse lili panjira. Zoona zake n'zakuti anthu okhala kunja kwa dziko lomwe anabadwira anali pafupifupi 281 miliyoni mu 2020 ndipo anapitirira pang'ono 300 miliyoni mu 2024, zikumveka zambiri eti, koma ndi anthu osakwana 4 pa 100 alionse. Ena onse 96 ali m'dziko lomwe anabadwira. Kusamuka kwakukulu kumachitika mkati mwa dziko, kuchoka kumudzi kupita mtauni, kuchoka tauni yaing'ono kupita yaikulu. Ku China kokha anthu ochoka kumidzi kukagwira ntchito zina ali pafupifupi 300 miliyoni, ndipo ambiri amasiya ana kwa agogo chifukwa cha dongosolo la hukou lomwe limamangirira sukulu ndi chipatala cha munthu ku dera lomwe analembetsedwa. Mu 1950 anthu 30 pa 100 okha ndi omwe ankakhala m'matauni, cha m'ma 2007 tinadutsa theka. Katswiri wina wofufuza za kusamuka kwa anthu, Ernst Ravenstein, posanthula kalembera wa ku Britain mu 1885, anaona kale kuti anthu ambiri amasamuka kamtunda kakafupi komanso pang'onopang'ono, mudzi, katauni, kenako mzinda, ndipo mpaka lero ndi momwemo. Ngakhale ku Africa kumwera kwa Sahara, ambiri odutsa boda amathera m'dziko lina la mu Africa momwemo, monga Côte d'Ivoire kapena South Africa, osati ku Ulaya.

Othawa nkhondo ndi nkhani ina, ndipo sindikufuna tiisakanize ndi ya mwana wanu. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, la UNHCR, linati pofika kumapeto kwa 2024 anthu othamangitsidwa m'makwawo ndi nkhondo ndi nkhanza anali oposa 120 miliyoni, Syria kuyambira 2011, Ukraine 2022, Sudan 2023 ndi kwina. Amenewa sasankha, ndipo piramidi yawo ndi ina, muli ana, amayi, agogo, onse pamodzi. Ambiri mwa iwo sadutsa n'komwe boda, ndipo mwa odutsawo pafupifupi awiri mwa atatu alionse amakhala m'dziko loyandikana nalo, monga Türkiye, Uganda, Chad, Iran.

Palinso bodza lina lomwe ndimalimbana nalo chaka ndi chaka, loti amene amasamuka ndi osaukitsitsa. Osaukitsitsa sapita patali mayi, alibe ya thiransipoti, alibe pasipoti, alibe wowalandira. Kusamuka kumafuna ndalama, sukulu pang'ono, foni, ndi m'bale kapena mnzako yemwe anatsogola. N'chifukwa chake ofufuza apeza kuti dziko losauka likayamba kutukukako, anthu ochoka amayamba achuluka kaye, ndipo amadzachepa pambuyo pake dzikolo likafika pabwino ndithu. Anthu amakonda kufotokoza kuti pali zokankha kwanu ndi zokoka komwe ukupita, ndipo n'zoona, ulova, chilala, kusowa malo zimakankha, malipiro ndi sukulu zimakoka, koma chomwe ndaona kuti chili ndi mphamvu kuposa zonsezi ndi njira yopondedwa kale. Mmodzi akapita n'kukhazikika amaitana mng'ono wake, mng'onoyo amaitana mnzake, pakatha zaka khumi mudzi wonse ukudziwa tauni imodzi yokha yakunja ngati kuti kulibenso kwina. Ndiye kuti mwana wanu akuganiza zopita ndipo ali ndi woti amuthandize, zikusonyeza kuti munamufikitsa pena pake.

Kodi madera adzatsala mabwinja? Apa ndikuyankheni mosabisa, ena amatsaladi. Chilumba cha Ireland chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni mu 1841, njala ya 1845 mpaka 1852 inapha pafupifupi 1 miliyoni, enanso oposa 1 miliyoni anathawa, ndipo kuchokako kunapitirira kwa zaka zoposa 100, moti mpaka lero chilumbacho sichinabwererenso pa chiwerengero cha 1841. Bulgaria inali ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni m'ma 1980, kalembera wa 2021 anapeza 6.5 miliyoni. Ku Japan kafukufuku wa boma wa 2023 anapeza nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda anthu, ndipo kumidzi masukulu akutsekedwa poti kulibe ana. Koma taonani bwino za Bulgaria ndi Japan, kumeneko zinthu ziwiri zakumana, achinyamata akuchoka komanso otsalawo akubereka ochepa kwambiri. Dera lomwe amayi akuberekabe ana atatu, anayi, silitha anthu olo achinyamata azichoka, kawirikawiri chiwerengero chimakwerabe, kungoti katundu wolera ana ndi kusamala okalamba amagwera anthu ochepa. Inu mwanena kuti kwanuko kuli tiana, ndiye vuto lanu panopa si mabwinja, ndi mapewa ochepa osenza katundu wambiri. Mukafuna kudziwa komwe dera lanu likulowera yang'anani zinthu izi: kodi ana olembetsa kalasi yoyamba akuchepa chaka ndi chaka? Kodi akuchoka ndi amuna okha kapena atsikananso a msinkhu wobereka ayamba kupita osabwerera? Kodi opitawo akumanga kwawo kapena akugulitsa malo n'kudzatenga ana? Atsikana akayamba kupita n'kukabereka komweko, pamenepo ndiye dera limayamba kuuma kuchokera kumizu. Manambala enieni a dera lanu ali ku ofesi ya boma yoona za kalembera, muli ndi ufulu kuwapempha.

Ndipo zinthu zimatembenuka. South Korea m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 inkatumiza anyamata kukakumba malasha ndi manesi kukagwira m'zipatala za ku West Germany, lero ndi yomwe ikuitana antchito ochokera ku Nepal, Vietnam ndi Cambodia. Italy ndi Spain anali maiko otumiza, pano ndi olandira. Ireland yomwe ija kuyambira m'ma 1990 inayamba kulandira anthu, ena ndi ana ake omwe akubwerera. Ku Mexico mayi ankabereka ana pafupifupi 7 m'ma 1960, pano sakufika awiri, ndipo chikhamu cha achinyamata chitachepa, opita ku United States anachepanso kwambiri poyerekeza ndi m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000.

Nanga maiko okalambawo, obwera angawapulumutse? Amathandiza kwambiri, zipatala, minda, zomangamanga ndi nyumba zosamalira okalamba m'maiko ambiri olemera sizingayende popanda iwo. Koma si mankhwala ochiritsiratu, chifukwa wobwera nayenso amakalamba ndipo ana ake amabereka ochepa ngati eni dziko. Lipoti la United Nations la mu 2000 linawerengera kuti South Korea itafuna kusunga mlingo wa ogwira ntchito pa wokalamba aliyense monga unalili nthawi imeneyo mpaka 2050, pangafunike obwera oposa 5 biliyoni, zomwe n'zosatheka, ndipo anawerengera dala kuti aonetse kusathekako. Chomwe izi zikutanthauza kwa mwana wanu n'chakuti kufunika kwa antchito achinyamata kunjako n'kwenikweni ndipo kupitirira kwa zaka zambiri. Palibe chifukwa chothamangira ngati chitseko chikutsekedwa mawa. Amene amakuuza kuti mwayi ndi wa sabata ino yokha, nthawi zambiri akufuna usapeze mpata wofunsa.

Phindu lilipo, sindingakane. Ndalama zomwe osamuka amatumiza kumaiko osauka ndi apakatikati zinapitirira madola 600 biliyoni mu 2023 malinga ndi World Bank, pafupifupi katatu kuposa thandizo lonse lomwe maboma olemera amapereka, ndipo zimafika m'manja mwa banja mwachindunji, fizi, mankhwala, denga. India yokha imalandira zoposa 100 biliyoni pachaka, ku Nepal ndalama zimenezi zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chonse cha dziko. Koma mtengo wake uliponso ndipo sulembedwa pa risiti. Ana okula akumva mawu a bambo pafoni pokha, mabanja otha, agogo olera zidzukulu pamsinkhu woti iwo eni azisamalidwa, zipatala zotsala zopanda manesi ndi madokotala poti ophunzitsidwa bwino apita. Ndipo ndaona mabanja ambiri ndalama zikubwera mwezi ndi mwezi kwa zaka, zonse n'kuthera pakamwa, munthu kubwerera thupi latha, palibe chogwirika. Zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa zimapeweka anthu akakhala pansi asananyamuke.

Tsopano za mwana wanu. Wazaka 24 ndi munthu wamkulu, kumuletsa simungathe, ndipo ndaona kuti oletsedwa mwaukali ndi omwe amanyamuka mobisa kudzera njira zoopsa. Koma ndalama ndi zanu, ndiye muli ndi mphamvu yonena kuti sinditulutsa kanthu mpaka ndione zinthu zingapo. Ejentiyo ali ndi chilolezo cha boma? Musakhutire ndi chithunzi cha satifiketi chotumizidwa pa WhatsApp, pitani kapena imbani ku unduna woona za ntchito mufunse ngati dzina la kampaniyo lili m'kaundula wawo. Kontirakiti ilipo yolembedwa, m'chinenero chomwe mwanayo akumva? Muigwire m'manja n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere: dzina ndi adiresi ya bwana weniweni, osati ya ejenti, ntchito yake ndi yanji, malipiro angati ndipo mu ndalama ya dziko liti, maola angati patsiku, tsiku lopuma, pogona ndi chakudya alipira ndani, akadwala kapena kuvulala zikhala bwanji, tikiti yobwerera ndi ya ndani, ndipo akafuna kusiya ntchito achita bwanji. Pomwe pali mpata wosalembedwa woti adzadzaza akafika, pamenepo imani. Viza ndi ya ntchito kapena ya alendo? Akati pita kaye ndi ya alendo tikakonzera komweko, kanani, chifukwa ikatha amakhala munthu wopanda mapepala, sangadandaule kulikonse ndipo bwana amadziwa zimenezo. M'maiko angapo a ku Gulf ndi Middle East muli dongosolo la kafala lomwe limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake, ena alisinthako m'zaka zaposachedwa koma kulanda pasipoti ndi kuchedwetsa malipiro kumamvekabe, makamaka kwa antchito a m'nyumba. Pasipoti ndi ya mwini, wina aliyense wonena kuti ndikusungira, kaya ndi ejenti kaya ndi bwana, ndi chenjezo lalikulu.

Ndipo chonde mayi, musagulitse malo kapena nyumba, musatenge katapila chifukwa cha ulendowu. Munthu wopita ndi ngongole yaikulu kumbuyo sangathe kukana nkhanza, amapirira zosapiririka poopa kubwerera chimanjamanja. Mabungwe oona za ntchito padziko lonse amanena momveka kuti ndalama zopezera wantchito azilipira ndi wolemba ntchito, osati wantchitoyo, ndiye ejenti wofuna ndalama zambirimbiri patsogolo mumufunse kuti ndi za chiyani ndipo akupatseni risiti. Ngati njira yomwe akunena ndi yodutsa m'tchire, m'chipululu, m'thiraki yotseka kapena m'bwato usiku, imeneyo si nkhani yokambirana n'komwe. Bungwe loona za kusamuka kwa anthu padziko lonse, la IOM, lawerenga anthu oposa 25,000 omwe afa kapena kusowa pa nyanja ya Mediterranean yokha kuyambira 2014, ndipo amenewo ndi okhawo omwe anadziwika.

Pofuna thandizo musachite manyazi. Musanalipire, funsani ku unduna wa za ntchito, ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, komanso ku ofesi ya kazembe wa dziko lomwe akupitalo kuti atsimikize ngati vizayo ndi yeniyeni. Ofesi za IOM zili m'maiko ambiri ndipo zimapereka uphungu wa kusamuka kotetezeka. Ejenti akayamba kuopseza, kukana kubweza pasipoti kapena kuzemba mafunso, pitani kupolisi msanga, zikhoza kukhala zozembetsa anthu. Akapita kale ndiye mwaona kuti foni yake ikuyankhidwa ndi wina, akulankhula mwamantha, sakulipidwa, kapena wangoti zii kwa masiku osazolowereka, dziwitsani ofesi ya kazembe wa dziko lanu komweko ndi unduna wa zakunja tsiku lomwelo, musadikire kuti mwina aimba. Inunso mwini, ngati nkhawayi yayamba kukulandani tulo, kudya osadya, mtima kuthamanga, kaonaneni ndi achipatala kapena mlangizi, makolo otsala amadwala mwakachetechete ndipo anthu sawaona.

Zonse zikakhala kuti zili bwino, khalani naye pansi mugwirizane asanakwere: akupita zaka zingati, mwa ndalama zomwe azipeza zingati zotumiza, zingati zosunga pa akaunti ya dzina lake, ndipo cholinga chake n'chiyani chomwe akachikwanitsa adzati basi. Afunsenso za mtengo wotumizira ndalama, chifukwa padziko lonse umadya cha m'ma 6 pa 100 iliyonse ndipo makampani amasiyana kwambiri. Mujambule pasipoti, viza ndi kontirakiti, kope imodzi itsale ndi inu ina aisunge pa imelo yake, alembe papepala nambala ya ofesi ya kazembe osangodalira foni, ndipo mupangane mawu achinsinsi omwe akawanena mudziwe kuti zavuta olo pali wina akumvetsera. Ngati ali ndi mpata wophunzira kaye luso lokhala ndi pepala, zamagetsi, zowotcherera, zosamalira odwala, kuyendetsa magalimoto akuluakulu, kapena chinenero cha komwe akupitako, miyezi imeneyo si yotaya, waluso amalandiridwa mosiyana ndipo amatha kusintha bwana zikavuta.

Sabata ino mupempheni zinthu zitatu kaye, dzina lonse la kampani ya ejentiyo, kope ya kontirakiti, ndi mtundu wa viza. Akabweretsa, fufutani dzina lake ndi nambala ya pasipoti n'kunditumizira chithunzi, tiwerengere limodzi musanatulutse ndalama iliyonse.